Phazi Lamanzere la Elia

Dzuwa lidatsala pang'ono kulowa kuseri kwa mapiri a Dowa pamene Mayi Susana Nambewe adatuluka kukaanula ufa umene adayanika pamphasa kuseri kwa nyumba. Kudali kumapeto kwa Seputembala. Mphepo yofunda idali kubwera ndi fumbi ndi fungo la mapesi otenthedwa m'minda. Mayiwo adagwada, nayamba kusonkhanitsa ufa ndi manja n'kumauthira m'beseni.

Mayi Susana adali wamasiye wa zaka makumi asanu, mtsogoleri wa amayi a Chigwirizano pampingo wa kwa Kamphinda, kufupi ndi Dzoole. Pakhomo pawo padali posesa, ndipo dzina lawo lidalibe banga. Mwana adali naye mmodzi yekha, Elia, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zinayi, kalipentala amene adaphunzira ntchito ku Madisi. Madzulo amenewo Elia adafika n'kuima pafupi ndi mphasa, chipewa chili m'manja.

"Amayi, ndabwera ndi mawu."

"Mawu ake onena chiimire ngati pholo lamagetsi? Khala pansi."

Elia adanjuta. "Ndapeza munthu woti ndimange naye banja."

Nkhope ya mayiwo idawala. "Mwana wa yani?"

"Mukuwadziwa. Ndi a Tabita."

"Mwana wa Tabita telala? Luckness uja mumaphunzira limodzi? Si adakwatiwa ameneyo?"

"Ayi amayi, si Luckness. Eni akewo."

Mayi Susana adasiya ufa, nasasa manja pang'onopang'ono. Tabita adali wamasiye ngati iwo, wa zaka makumi anayi ndi zitatu, mayi wamtali wojintcha amene ankasoka zovala n'kumakagulitsa ku msika wa Lachiwiri ku Dzaleka.

"Iwe Elia, Tabita adakubereka kumbuyo ine ndili kumunda. Udamukodzera nsalu yake ya Khirisimasi."

"Anandiuza. Akuti anakhululuka."

"Usandiseke. Timakhala benchi limodzi ku Chigwirizano. Ndizimutchula chiyani? Iyenso azinditchula chiyani? Nanga mdzukulu wanga adzachokera kuti, m'makina osokera?"

"Amandilemekeza, amayi. Ine mtima wanga wakhazikika."

"Mtima wako wadyetsedwa. Nyamula beseni ili ukaike m'nyumba."

Nkhani yotere ili ndi njira yake, ndipo poyamba Mayi Susana adaitsata. Adapita kwa achimwene awo, a Samueli, amene monga malume adali mwini mbumba. A Samueli adapukusa mutu n'kunena kuti mnyamatayo adadyetsedwa kondaine, koma adati aiperekenso kwa akulu ampingo. Akulu ampingo adakhala pansi, adafunsa mbali zonse ziwiri, ndipo adayankha kuti ngakhale nkhaniyo idali yachilendo, palibe lamulo loletsa mbeta kukwatiwa ndi mnyamata wosakwatira. Adalangiza kuti onse adekhe kufikira atakolola.

Apa ndi pamene mayiwo adasiya njira. Lachitatu lina adauza anthu kuti akukagula mbewu ya nyemba ku Ntchisi, nakwera njinga yamoto ya kabaza mpaka pamene msewu udathera. Kuchoka apo adakwera phiri wapansi, kufunafuna bambo wina dzina lake Nowa, amene mbiri yake ankaimva mwa manong'onong'o. Adayembekeza kupeza munthu wa zikopa ndi mikanda. Adapeza bambo wovala shati yosita, atakhala pakhonde la nyumba yamalata, akusenda chinangwa.

"Mukatape phazi lake," adatero a Nowa atamva zonse. "Lamanzere. Pamene waponda potuluka m'nyumba m'mawa, asanasese. Dothilo mulimange m'kansalu pamodzi ndi muzu uwu, mulipachike pamwamba pa moto kukhitchini kwanu. Likamauma, mwini phazi naye aziuma, mpaka malowo amuipire, achoke."

"Ine sindikufuna kuti afe."

"Za kufa sindinanene ine. Zimatengera kuti mwachedwa bwanji kulichotsa pamoto."

M'mawa mwake Mayi Susana adatenga ndowa ngati akupita ku mjigo, nadzera kuseri kwa nyumba ya Tabita. Mayi aliyense wa m'mudzimo ankawadziwa mapatapata ofiira a Tabita, amene pansi pake padali tinyenyezi todinda fumbi. Ndipo adalipodi, mzere wa mapazi a tinyenyezi wochokera pachitseko chakuseri kupita kubafa. Mayiwo adasankha lamanzere looneka bwino, adalitapa ndi supuni kuyambira kuchidendene mpaka kuzala, nasiya kadzenje. Pobwerera adadutsa pa gowelo la mwana wawo. Chitseko chidali chotseka. Mayi sasuzumira mogona mwana wamwamuna wamkulu, ndipo iwo adali asanasuzumiremo chiyambire pamene Elia adalimanga. Adangodziwa mumtima kuti mwana amene adamulera pa katekisimu ali m'menemo, akugona.

Sabata yoyamba sikudachitike kanthu, kupatula fungo. M'khitchini mudayamba kumveka fungo la dothi lonyowa, lija limamveka mvula yoyamba ikangogwa, chonsecho kunja nthaka idali itang'ambika ndi dzuwa. Mayiwo adayang'ana mtsuko ngati ukudontha, koma udali bwinobwino. Fungolo lidalowa m'zovala, m'ndiwo, ngakhale m'duku lawo loyera la ku Chigwirizano.

Sabata yachiwiri kudabwera phokoso. Madzulo, akangokoleza moto, ankamva patapata akumenya chidendene kumbuyo kwawo. Phwa. Kenaka zii, nthawi yokwanira kuti phazi lina liponde, koma osamveka. Kenaka phwa. Phokosolo linkazungulira m'mbali mwa khoma, kufika pakhomo, kuima, n'kuyambanso kuzungulira, monga ichitira mbuzi yomangidwa pachikhomo. Akatembenuka sankaona kanthu, koma utsi wokha ukukwera kukadutsa pa kansalu kaja kudenga.

Mayi Susana adachita mantha, koma adakondwanso. Adati mankhwala ayamba kugwira. Lamulungu adamuyang'anitsitsa Tabita m'tchalitchi kuti aone ngati wayamba kufota. Tabita adaima pamzere wa kwaya, masaya ali phwii, mawu ake akumveka mpaka kumsewu.

Amene adayamba kusintha adali Elia. Galu wake, amene ankamutsata kulikonse, tsiku lina adamununkhiza mwendo, nabwerera chafutambuyo akulira. Kuyambira pamenepo sadamutsatenso. Patatha masiku atatu adamupeza atafera pansi pa nkhokwe, wopanda bala. Elia mwini wake adayamba kuvala sokosi ziwiri phazi limodzi, m'kutentha kwa Okutobala.

"Watani mwendowo?" adafunsa mayi ake.

"Phazili likuzizira, amayi. Ngati ndaliviika m'chithaphwi."

"Liti?"

"Lamanzereli."

Kuchipatala adamupima magazi, shuga, ndi zina zonse, ndipo adamupatsa mankhwala, koma kuzizirako kudakwera kufika m'bondo. Adasiya kupala matabwa chifukwa sankatha kuima nthawi yaitali. Thupi lidayamba kutha, malamba akufuna mabowo atsopano.

Amayi a ku mjigo ndiwo adayamba kuona chinthu chachilendo. Elia adadutsa pamsewu masana, akukoka mwendo, ndipo mayi wina adaloza pansi. Pafumbi padali phazi lamanja, kenaka malo osalala, kenaka phazi lamanja, mpaka kukafika pamphambano. Lamanzere silinkadinda. Amayiwo adatula ndowa zawo n'kutsata mzerewo mwakachetechete, ndipo palibe adafuna kuuponda.

Dzuwa lisanalowe mudzi wonse udali utamva. Anthu adakumbuka kuti mwamuna woyamba wa Tabita nayenso adamwalira ataonda. Ena adati makina a Tabita amasoka okha mwini wake ali ku Dzaleka. Ena adati adamuona akukambirana ndi khwangwala pa mtengo wa mango. Amayi adasiya kumupatsa nsalu zoti asoke, ndipo ku tchalitchi benchi lake lidayamba kukhala ndi malo ambiri.

Munthu woona mtima akadaima pomwepo n'kudzifunsa kuti phazi lamanzere adalitapa ndani. Funsolo lidawafikira Mayi Susana, koma adalibweza. Iwo adatapa tinyenyezi ta Tabita, adaona ndi maso awo. Adadziuza kuti Tabita ndi mfiti yeniyeni, yamva kuti ikuthamangitsidwa, ndiye yagwira mwanayo mwendo kuti ichoke naye. Choncho adati chofunika ndi kufulumira. Adayamba kusonkha moto m'khitchini kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ngakhale popanda chophika.

Mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana cha ku Ntchisi, Elia adagwa pabwalo la Tabita ndipo sadathenso kudzuka. Tabita adamunyamula yekha kumulowetsa m'nyumba. Uthenga utafika, Mayi Susana adamanga nsalu m'chiuno n'kupita kukatenga mwana wawo.

Tabita adawalandira pakhomo, maso atatupa, ali wopanda nsapato. Adagwada.

"Lowani, amayi."

"Ine si mayi ako. Tinabadwa zaka zoyandikana. Mwana wanga ali kuti?"

"Ali kuchipinda. Phala akukana. Mwina mukawapatsa inu alandira."

Mayi Susana adawerama kuti avule nsapato, ndipo pambali pa chitseko adaona mapatapata ofiira aja atayikidwa bwinobwino. Adawakankha ndi phazi.

"Chotsa zinthu zakozi."

"Si zanganso izo," adatero Tabita. "A Elia anandilanda kalekale, m'nyengo yozizira ija. Akuti ndi ofewa. Amavala m'mawa popita kubafa. Ine ndinagula ena akuda."

"M'mawa?"

Tabita adayang'ana pansi. "Tinalakwa, amayi. Sitinadikire ukwati. Kuyambira Juni amagona kuno, n'kumalawirira ku gowelo anthu asanadzuke. Ankaopa kuti mukadziwa mudzadwala."

Mayi Susana adalowa kuchipinda. Elia adagona pamatiresi atafunda mabulangete awiri. Nkhope idatsala mafupa. Adatsegula maso n'kuyesa kumwetulira.

"Amayi, mwabwera kwa apongozi anu?"

Mayiwo adakweza bulangete n'kugwira phazi. Lidali lozizira ndi lonyowa, ndipo m'chipindamo mudali fungo lija la m'khitchini mwawo. Adabweza bulangete. Pakamwa pawo padatseguka, koma Tabita adali ataima pakhomo, ndipo panja padali amayi awiri osuzumira. Adatuluka n'kulunjika kwawo.

Kunyumba adazimitsa moto ndi madzi, nakwera pampando kutsitsa kansalu kaja. Kadakhala pautsi masabata asanu ndi limodzi, koma kadali konyowa, kolemera ngati mwala. Adakakulunga m'chitenje, ndipo m'mawa mwake adakweranso phiri la kwa a Nowa.

"Mwatapa la mwana wanu?" A Nowa sadadabwe. "Zimachitika. Kuchotsa pamoto kokha sikukwanira tsopano, papita nthawi. Dothilo libwerere pamene munalitapa, ndi dzanja lanu. Masana. Mwini bwalo akhale akuona, ndipo munene ndi pakamwa panu chimene munachita ndi amene munafuna kumuchita."

"Pamaso pa Tabita?"

"Ndiye mwini bwalo."

"Bambo, ine ndine mtsogoleri wa Chigwirizano. Palibe njira ina?"

"Njira ina inalipo musanabwere kuno ulendo woyamba. Ndipo mufulumire. Mvula ikagwa pamalopo, patsekeka." Adaloza mitambo ndi mpeni wake wosendera chinangwa.

Mayi Susana adafika kumudzi Lachitatu dzuwa likadali pamwamba. Nthawi idalipo. Adayenda mpaka pamphambano yopita kwa Tabita, ndipo adaona anthu atakhala pabwalo, odzazonda wodwala. Adaima. Adaganiza za duku loyera, za zaka makumi awiri zimene adalangiza atsikana, za mmene nkhaniyo idzafikire ku Dzoole ndi ku Madisi. Adatembenuka kupita kwawo.

Lachinayi mbandakucha adayesa njira yawoyawo. Adadzeranso kuseri ndi ndowa. Kadzenje kaja kadalipo, kooneka ngati atapa dzulo, ngakhale Tabita ankasesa pamenepo tsiku ndi tsiku. Adamasula kansalu, nakhuthulira dothi m'kadzenjemo, nasalaza ndi dzanja, osanena mawu. Atafika kunyumba adatulutsa kansaluko kuti akaotche. Kadali kodzaza, komangidwa mfundo yomwe ija. Kumbuyo kwawo, m'khitchini mopanda moto, kudamveka phwa.

Chakum'mawa komweko a Samueli adafika ndi ndodo m'manja.

"Mlongo, ife tapangana. Masana ano tikukamutenga mwanayo, ndipo mfitiyo tikaisasulira denga ichoke. Takhala chete mokwanira."

"Achimwene, dikirani kaye."

"Tidikire maliro? Si inu munayamba kunena kuti wadyetsedwa?"

"Ndinanena."

"Ndiye?"

Mayi Susana adayang'ana kumwamba. Mitambo idali yakuda, koma mphepo idali isanayambe. Tsikulo lidali la Chigwirizano, ndipo mawu adayenera kugawa ndi iwo. Adati akajomba anthu adzafunsa. Adati akaweruka adzamuitanira Tabita pambali, awiriwiri, n'kunena motsitsa mawu. Ndi masanabe, ndipo mwini bwalo adzakhala akuona. Adavula chitenje, navala bulauzi yoyera ndi siketi yakuda, naika kansalu kaja m'chikwama pansi pa Baibulo.

Adali pakati powerenga pamene dontho loyamba lidagunda malata a tchalitchi. Lidatsatira lachiwiri. Mayi Susana adasiya Baibulo lili chitsegukire, natuluka akuthamanga, amayi anzawo akuyang'anana. Asanafike pa mjigo mvula idakhuthuka. Njira idasanduka ngalande. Adagwa kawiri, nsapato imodzi idatsala m'matope, duku lidagwa ndipo sadalitole.

Kwa Tabita adapeza anthu oposa makumi atatu ataunjikana pakhonde ndi pansi pa mtengo wa mango. Anyamata adali atakwera kale padenga n'kuchotsa lata limodzi mvula isanawatsitse. Tabita adaima pachitseko atatambasula manja, kukana kuti alowe. Mayi Susana adawadutsa onse kupita kuseri. Kudali madzi ofiira okhaokha oyenderera. Adagwada n'kuyamba kufufuza ndi manja, apa, apo, pafupi ndi bafa. Kadzenje kadalibe.

Anthu adawatsata n'kuwazungulira.

"Mlongo, mukufuna chiyani m'matopemo?" adafunsa a Samueli.

Mayiwo adatulutsa kansalu n'kukakweza. "Tabita, yang'ana kuno. Ndinatapa phazi pano. Ndinapita kwa sing'anga ku Ntchisi. Ndinkafuna iwe, kuti uume uchoke. Ndinatapa la mwana wanga. Ndalipachika pamoto masabata asanu ndi limodzi. Mfiti imene mukuifuna ndine."

Adamasula mfundo. Dothi lidagwera m'madzi, ndipo madzi adalitenga kupita nalo kumunsi, kudimba.

A Samueli adatsitsa ndodo. Tabita adawayang'ana mayiwo nthawi yaitali, madzi akutsika pankhope pake, kenaka adalowa m'nyumba. Anthu adadikira. Mvula idayamba kuchepa, mpaka idatsala yowaza. M'nyumbamo mudalibe phokoso lililonse.

Tabita atatuluka sadalire mokweza. Adaima pakhonde n'kulankhula ngati munthu wotopa.

"Atisiya. Kuyambira m'mawa amakufunsani. Amati ndikuitaneni, akufuna apite kwa amayi awo. Ndinatuma munthu, anati muli ku tchalitchi."

Amayi ena adayamba kulira. Koma kulirako kudaduka pamene mmodzi wa anyamata aja adabwerera m'mbuyo n'kuloza pansi pa sitepe. Pamatope osalala, pamene padalibe munthu, padaoneka phazi. Lidali la munthu wosavala nsapato, lamanzere, zala zonse zisanu zikuoneka, ndipo madzi adayamba kudzaza m'chidendene. Patsogolo pake, patali ngati sitepe ziwiri, padabooka lina. Lamanzerenso. Kenaka lina.

Anthu adapatuka kupereka njira. Mapaziwo adadutsa pakati pawo mosafulumira, adadutsa pafupi ndi Mayi Susana amene adali chigwadire, nafika pamphambano. Sadakhotere kumanda. Adalowa njira ya kwa Nambewe, ndipo anthu adawaona akukwera kamtunda, limodzi limodzi, mpaka pabwalo, mpaka pachitseko cha nyumba yaikulu, chimene mayiwo adachisiya chosakhoma.

A Samueli adavula chipewa. Adalankhula osawayang'ana mlongo wawo.

"Maliro tikhalira konkuno kwa a Tabita. Inu pitani kwanu."

"Achimwene, ndiperekezeni."

A Samueli adatembenuka kupita kukhonde. Mayi Susana adayang'ana amayi a Chigwirizano amene adali atangofika, mmodzi mmodzi, ndipo aliyense adayang'ana kumbali. Adadzuka, bulauzi yoyera ija itafiira mpaka m'mapewa, nayamba kukwera kamtunda okha, akuyenda m'mphepete mwa njira kuti asaponde.